Akuti angamusoke msana mwana asanabadwe, amene munadutsamo tithandizeni

NaJere:
Moni nonse m'gulu muno. Ndalowa dzulo ndipo ndakhala ndikuwerenga zakale mpaka pakati pa usiku. Ndili ndi pakati pa milungu 21. Lachinayi lapitali tinapita kukajambulitsa sikani, ndipo amene amajambulayo anangoti zii nthawi yaitali, kenako anatuluka kukaitana adokotala. Akuti mwana ali ndi spina bifida, mtundu umene amati myelomeningocele. Msana wake sunatsekeke cha m'chiunomu, mitsempha yatulukira m'kathumba kumbuyo. Atipatsa njira ziwiri. Yoyamba, tidikire abadwe amuchite opaleshoni. Yachiwiri, amuchite opaleshoni akadali m'mimba mwanga. Yachiwiriyi akuti iyenera kuchitika milungu 26 isanakwane. Ndiye kuti ndatsala ndi mwezi umodzi wokha, ndipo m'mwezi womwewo muli MRI (sikani ina yojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane), kuyeza madzi a m'chiberekero, ndi ulendo wopita ku chipatala china chakutali kumene amachita zimenezi. Mutu wanga waima. Alipo anadutsamo?

A Admin:
Takulandirani mayi. Mwafika pakhomo poyenera. Anzathu, tiyankhe modekha, ndipo tikumbuke kuti womaliza kunena ndi mwiniwakeyo pamodzi ndi madokotala amene aona zithunzi za mwanayo.

Make Tadala:
Pepani kwambiri asisi. Tsiku limenelo ndimalidziwa, ine ndinalira m'galimoto osatha kutsika. Wanga ali ndi zaka 7 tsopano. Ife tinadziwa mochedwa, pa milungu 30, ndiye za opaleshoni ya m'mimbayo panalibenso zokamba. Anabadwa Lolemba, Lachiwiri anamusoka msana. Patatha milungu itatu mutu unayamba kukula ndi madzi, anamuika shunt, kapaipi kaja kochokera m'mutu kudutsa pansi pa khungu kukatsanula madzi m'mimba. Akasintha kawiri chifukwa kanatseka. Amayenda ndi ndodo pafupi, patali amakwera njinga yake ya olumala. Ali kusukulu, ndi wolongolola kuposa ana anga onse. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti njira yodikirayo si njira ya otayidwa ayi.

NaJere:
Zikomo amayi a Tadala. Mwandipumitsa pang'ono. Koma chimene sindikumvetsa ndi ichi: ngati akhoza kumusoka atabadwa, kuthamangira kung'amba mimba panopa n'chifukwa chiyani?

Namwino wa Ana:
Funso limenelo ndiye mutu wa nkhani yonse, mayi. Ndiyesa kufotokoza mmene ndimafotokozera makolo kuntchito. Kuvulala kwa mitsempha kumabwera kawiri. Koyamba ndi pachiyambi penipeni, pamene msana wakanika kutsekeka. Kachiwiri kumachitika pang'onopang'ono miyezi yonse yotsatira, chifukwa mitsempha yanthete imene inayenera kubisika m'fupa yakhala pamtetete, ikunyowa ndi madzi a m'chiberekero komanso ikukhudzana ndi khoma la chiberekero mwana akamatembenuka. N'chifukwa chake mwana amatha kuoneka pa sikani akuponya miyendo bwinobwino pa miyezi isanu, koma pobadwa mphamvu ija yachepa. Dokotala wa ku Switzerland dzina lake Martin Meuli ndi anzake anaonetsa zimenezi pa ana a nkhosa mu 1995: akatsegula msana wa mwana wa nkhosa m'mimba n'kuusiya choncho, amabadwa wofa miyendo, koma akautseka msanga, amabadwa n'kuyenda.

Pali chinanso. Madzi a muubongo amadontha kudzera pa bowo la kumsanalo, ndipo mbali ya kumbuyo ya ubongo imatsetserekera m'khosi. Madokotala amati Chiari II. Ikatsetsereka imatseka njira ya madzi, madzi n'kudzadza m'mutu. Bowo likatsekedwa msanga, kudontha kumaleka ndipo kawirikawiri ubongo uja umabwerera m'malo mwake. Kuvulala koyamba kuja opaleshoni siikuchotsa. Imene imalimbana nako ndi kwachiwiriku.

Bambo a Mphatso:
Ndionjezere manambala, chifukwa ine nthawi ya akazi anga ndinawerenga mpaka maso kufiira. Pali kafukufuku wamkulu amene amati MOMS. Anachitikira ku America m'zipatala zitatu, ku Philadelphia, ku Vanderbilt mumzinda wa Nashville, ndi ku San Francisco. Anayamba mu 2003, zotsatira zinatuluka mu 2011. Amafuna amayi 200 koma anaimitsa ali 183 chifukwa kusiyana kunali kutaonekeratu. Mwa ana ochitidwa opaleshoni m'mimba, 40 pa 100 alionse ndiwo anafunika shunt pofika chaka chimodzi. Mwa ochitidwa atabadwa, 82 pa 100. Pa zaka ziwiri ndi theka, oyenda okha opanda chowathandizira anali 42 pa 100 mbali ya opaleshoni ya m'mimba, ndi 21 pa 100 mbali inayo. Ife tinakanidwa chifukwa anali mapasa. Mpaka lero zimandiwawa. Mlongo wanga, ngati akulolani, palibe zoganizaganiza apa. Chitani.

Make Chimwemwe:
Achimwene, manambala anuwo ndi oona, koma mwasiya theka. Ndipo mawu akuti palibe zoganiza musawanene kwa mzimayi amene mimba yake ndiyo ikang'ambidwe. Ine ndinachita opaleshoni imeneyi. Ndiloleni ndikagoneke mwana, ndilemba bwinobwino.

Bambo a Mphatso:
Mwanena zoona mlongo. Ndafulumira pakamwa. Pepani NaJere.

Agogo a Pemphero:
Mwana wanga, tikukupemphererani. Koma ndifunse nawo anamwino, kodi zoterezi zimabwera chifukwa chonyamula zolemera uli woyembekezera? Mpongozi wanga ankagwira ntchito kwambiri nthawi ya mdzukulu wangayu ndipo ndakhala ndikuganiza choncho.

Namwino wa Ana:
Ayi agogo, ndipo chonde mukawauze apongozi anuwo kuti si iwo. Msana wa mwana umatsekeka pofika tsiku la 28 chikhalireni pakati. Nthawi imeneyo amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti aima. Kunyamula katundu, kugwa, kukwiya, kugona chammbali, zonsezi sizitsegula msana wa mwana.

NaJere:
Ine chimene chikundidya ndi folic acid. Ndinayamba kumwa pa milungu 8 nditapita kusikelo. Pakatipa sitinakonzekere. Usiku ndimangoganiza kuti ndikanayamba kale bwenzi zili bwino.

Namwino wa Ana:
Mayi, ndikuuzani zoona zake osati zongokutonthozani. Folic acid amachepetsadi ngozi. Kafukufuku wa bungwe la ku Britain la Medical Research Council wa 1991 anapeza kuti mwa amayi amene anaberekapo kale mwana wotere, kumwa folic acid kunachepetsa kubwereza kwa vutoli ndi 72 pa 100. Koma onani bwino, 72 si 100. Ndasamalirapo ana a amayi amene anamwa mankhwalawa mokhulupirika miyezi yambiri asanaime. Pali za chibadwa, pali matenda a shuga, pali mankhwala ena a khunyu monga valproate, ndipo nthawi zambiri chifukwa chenicheni sichipezeka. Munachita zimene aliyense amachita, munamva kuti mwaima n'kupita kusikelo. Chofunika kusunga ndi cha mtsogolo: mukadzafuna mwana wina, mudzayambe mankhwalawa musanaime, ndipo inu adzakupatsani mlingo waukulu, mamiligalamu 4 kapena 5 patsiku, osati mamaikulogalamu 400 amene amapatsa aliyense.

Make Tadala:
Asisi, ine zaka ziwiri zathunthu ndinadziimba mlandu umenewu. Sunandithandize chilichonse, unangondidyera tulo timene ndimafunika kuti ndilere mwana.

Make Chimwemwe:
Ndabwera. Ndilemba zambiri, mundikhululukire.

Anandichita pa milungu 24 ndi masiku awiri. Zisanachitike anatikhazika pansi masiku awiri athunthu, tinaonana ndi dokotala wa ubongo, wa amayi oyembekezera, wa ana obadwa masiku osakwana, wa mankhwala ogonetsa, ndi mayi wina amene ntchito yake inali kungofunsa ngati ndili ndi wondisamalira. Mmodzi mwa iwo anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti pa opaleshoni imeneyi thupi langa silipindula kalikonse, phindu lonse ndi la mwana, ine gawo langa ndi ngozi zokha. Ndinamuda tsiku limenelo. Lero ndimamuthokoza chifukwa sanandinamize.

Amakugonetsa tulo tofa nato, tozama kuposa ta opaleshoni wamba, kuti chiberekero chifewe chisayambe kukoka. Amang'amba pamimba ngati mmene amachitira pa siza koma mokulirapo. Amaunika kuti nsengwa ili mbali iti kuti asaikhudze, kenako amatsegula chiberekero pang'ono pamalo pamene pali msana wa mwana. Mwanayo samutulutsa ayi, amangomutembenuza kuti kamsana kaonekere pa bowopo. Amamubaya jakisoni wake wopha ululu. Dokotala wa ubongo amamasula mitsempha, kuibwezera mkati, n'kusoka nyama ndi khungu pamwamba pake. Nthawi yonseyo wina akuyang'anira mtima wa mwana, wina akuthira madzi ofunda m'chiberekero. Akamaliza amasoka chiberekero n'kutseka mimba. Umadzuka ukadali woyembekezera. Zimenezi mpaka lero zimandidabwitsa.

Masiku awiri oyamba anali owawa. Pali mankhwala oletsa kuti matenda a kubereka asayambe, magnesium sulfate, amene amakutenthetsa thupi lonse ngati wakhala pamoto, maso osaona bwino, manja olemera. Nditatuluka sanandilole kubwerera kunyumba, tinakhala pafupi ndi chipatalacho. Osanyamula kanthu, osagwira ntchito, sikani sabata iliyonse. Mwana wanga wamkulu anali ndi zaka zitatu, ankalira kuti ndimunyamule ine osatha. Chimenecho chinandiwawa kuposa bala.

Nsupa inasweka pa milungu 31. Anandigoneka m'chipatala, ndipo pa milungu 32 ananditulutsira mwana pa siza. Anakhala ku nazale milungu isanu, poyamba ali pa makina omuthandiza kupuma. Tsopano ali ndi zaka 5. Alibe shunt. Amayenda ndi tizitsulo tomugwira akakolo, amathamanga mwa njira yakeyake. Koma chikhodzodzo sichigwira bwino, timamuika katheta, kapaipi kotulutsira mkodzo, maola anayi alionse, ndipo za kuchimbudzi tili ndi ndondomeko yathu ya tsiku ndi tsiku. Spina bifida ali nayobe. Opaleshoni inaichepetsa mphamvu, siinaichotse.

Mukandifunsa ngati ndingachitenso, ndingachitenso. Koma sindingauze mzimayi mnzanga kuti chita, chifukwa ndinagona chipinda chimodzi ndi mayi amene wake anabadwa pa milungu 27 ndipo mavuto a kubadwa msangawo anaposa a msana.

NaJere:
Ndawerenga katatu. Zikomo achemwali, simukudziwa chimene mwandichitira. Nanga za kuberekanso anakuuzani zotani? Uyu ndi woyamba kwa ine, ndili ndi zaka 26.

Make Chimwemwe:
Apo ndiye muganizepo kwambiri popeza ndi woyamba. Pa siza wamba amadula kumunsi kwa chiberekero. Pa opaleshoni iyi amadula kumtunda, pa mnofu umene umagwira ntchito pobereka. Chipsera cha pamenepo chikhoza kung'ambika matenda akayamba. Choncho mwana uyu ndi ena onse obwera adzabadwa pa siza, matenda asanayambe, ndipo ine anandiuza kuti ndidikire zaka ziwiri ndisanaimenso. Ndinaberekanso wina, zinayenda bwino, koma miyezi yomalizayo ndinkagona ndi mantha.

Bambo a Mphatso:
Ndibweze ngongole yanga, theka lija ndinasiya. M'kafukufuku yemweyo, ana a opaleshoni ya m'mimba ankabadwa cha pa milungu 34, pamene enawo cha pa 37. Ndipo 13 pa 100 anabadwa milungu 30 isanakwane. Nsupa inasweka msanga mwa amayi 46 pa 100, poyerekeza ndi 8 pa 100 mbali inayo. Pa tsiku lochira, mayi mmodzi mwa atatu alionse anapezeka ndi chipsera cha chiberekero chopyapyala kwambiri kapena chotseguka penapake. Pa zotsatira zoyambazo ana awiri anamwalira mbali iyi, awirinso mbali inayo. Ndikuvomereza kuti nthawi ija ndinkawerenga mizere imeneyi modumpha, chifukwa maso anga anali pa miyendo ya mwana basi.

Yamikani:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine si kholo. Ndine mwiniwake wa msana woterewu, ndili ndi zaka 34. Nthawi imene ndinkabadwa opaleshoni imeneyi kunalibe, oyamba anachitidwa cha m'ma 1997 ndi 1998. Ndinasokedwa nditabadwa, ndili ndi shunt, ndimayenda pa njinga. Ndimagwira ntchito, ndili pabanja.

Amayi NaJere, ndikupempheni chinthu chimodzi. Nkhani zonse za opaleshoniyi zimazungulira pa kuyenda. Adzayenda kodi, sadzayenda kodi. Ndikumvetsa, ndi chimene maso amaona. Koma pa moyo wanga njinga si imene yandivutitsa. Zandivutitsa ndi shunt ikatseka, mutu kuwawa ngati ukung'ambika, kusanza, kuthamangira kuchipatala usiku. Zandivutitsa ndi matenda a m'chikhodzodzo amene anatsala pang'ono kundiwonongera impso ndili ndi zaka 15. Ndi zilonda za pamatako ndi kumapazi zimene sindimva kuwawa mpaka zitakula. Ngati mukusankha opaleshoni, chifukwa chimene ine ndingachilemekeze kwambiri ndi chopewa shunt. Chimenecho ndi chachikulu zedi. Koma musalowemo ndi mtima wakuti akapanda kuyenda ndiye kuti zonse zapita pachabe, chifukwa mwanayo adzaziwerenga pankhope panu. Ine ndinaziwerenga pankhope ya bambo anga zaka zambiri, ankandiimika ndi zitsulo mpaka ndikulira, pamene pa njinga ndinali womasuka.

Make Tadala:
A Yamikani, mwandiliritsa. Ndikhala ndikuwerenga zimenezi mobwereza. Ndimamukakamiza ndodo Tadala nthawi zina ngakhale watopa.

Yamikani:
Mafizo ndi abwino amayi, musasiye, mafupa amalimba akamaima. Kungoti muzimufunsa iyeyo.

Namwino wa Ana:
Mawu a a Yamikani akugwirizana ndi zimene anapeza atawatsatira ana a MOMS aja kufika msinkhu wa kusukulu, zaka 6 mpaka 10. Zotsatira zinatuluka mu 2020. Oyenda okha opanda chothandizira anatsika kufika 29 pa 100 mbali ya opaleshoni ya m'mimba, ndi 11 pa 100 mbali inayo. Kusiyana kulipobe, koma onani kuti ambiri mbali zonse ziwiri amafuna chowathandizira, chifukwa mwana akamakula thupi limalemera. Pa shunt kusiyana kunakhalabe kwakukulu, 49 ndi 85 pa 100. Pa luso la kudzithandiza pa moyo wa tsiku ndi tsiku, monga kulankhulana ndi kucheza ndi anzawo, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Pa chikhodzodzo phindu lilipo koma ambiri amafunabe katheta, monga anenera amayi a Chimwemwe.

NaMoyo:
Ndifunseko. Ndinamva kuti pali njira ina yosang'amba chiberekero, yoboola timabowo n'kulowetsa kamera. Bwanji osasankha imeneyo?

Bambo a Mphatso:
Ilipo, amati fetoscopic. Ku Texas Children's Hospital mumzinda wa Houston a Michael Belfort ndi anzawo amatsegula pamimba koma chiberekero amangochiboola timabowo. Ku São Paulo a Denise Lapa amaboola kudzera pakhungu osatsegula mimba n'komwe. Ubwino wake ndi wakuti chiberekero sichikhala ndi chipsera chachikulu chija, ndipo amayi ena amatha kuchira mwa njira ya masiku onse.

Namwino wa Ana:
Zoona, koma muonjezerepo izi. Opaleshoni ya timabowo imatenga nthawi yaitali, ndipo kusweka msanga kwa nsupa kumachitikabe, makamaka pa njira yodzera pakhungu ija. Ana ena amafunika kukonzedwanso pabala atabadwa. Komanso njirayi siinayesedwe pa kafukufuku wogawa amayi mwa maere ngati MOMS, ndipo chipatala chilichonse chili ndi kachitidwe kake. Ndiye m'malo mofunsa kuti njira yabwino ndi iti, mayi NaJere mukafunse gulu limene likakuchiteni: mwachitapo angati, mwa njira iti, anabadwa pa milungu ingati, angati anafunika shunt, ndipo nsupa ikasweka usiku ndikathamangire kuti. Gulu lodziwa ntchito silikwiya ndi mafunso amenewa.

NaMoyo:
Zikomo. Ine ndikufunsira mng'ono wanga, koma kumene iye ali opaleshoni yotere kulibe, ndipo ulendo wakunja sitingaukwanitse. Ndikamawerenga zonsezi mtima ukundiwawa.

Make Tadala:
Asisi, ana ambiri a spina bifida padziko lonse amasokedwa atabadwa. Zipatala zochita ya m'mimbayi ndi zowerengeka, ngakhale ku Britain anayamba mu 2018. Chimene mng'ono wanu angachite chili m'manja mwake ndipo ndi chachikulu. Akachirire ku chipatala chimene chili ndi dokotala wa ubongo, osati kuchira kwina n'kumayenda ndi mwana wa bala lotseguka. Balalo liphimbidwe ndi nsalu yoyera ya kuchipatala yonyowetsedwa, mwana agone chafufumimba kapena chammbali, ndipo asokedwe m'masiku awiri kapena atatu oyamba kuti majeremusi asalowe kufika kuubongo. Kenako aziyeza mutu ndi tepi kawirikawiri, ndipo za chikhodzodzo aziyambe msanga osadikira vuto.

Namwino wa Ana:
Ndipo pa madzi a m'mutu shunt si njira yokhayo. Dokotala Benjamin Warf ali ku chipatala cha ana cha CURE ku Mbale m'dziko la Uganda anakonza njira yotchedwa ETV/CPC. Amalowetsa kakamera m'mutu, kuboola njira yatsopano ya madzi, n'kuwotcha tinyama tina timene timapanga madziwo kuti achepe. Anaiganizira ana okhala kutali ndi chipatala amene shunt ikatseka sangafike msanga, koma lero ikuchitikanso m'zipatala za ku America. Siigwira kwa mwana aliyense, koma ndi yofunika kuifunsa.

Mlendo:
Pepani sindikufuna kudzitchula. Kodi mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV amaloledwa?

Namwino wa Ana:
Mwafunsa bwino. Pa kafukufuku wa MOMS amayi a HIV ndi a hepatitis B kapena C sanalowe, poopa kuti magazi a mayi angakhudzane ndi a mwana pa opaleshoni. Sanalowenso a mapasa, onenepa kwambiri, a shuga wobaya insulin, a khomo la chiberekero lalifupi, ndi amene anachirapo masiku osakwana. Mwana naye amayenera kukhala wopanda vuto lina lalikulu kapena la ma chromosome (tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa), ndipo ubongo ukhale utatsetsereka ndithu pa MRI. Malamulo ena afewa pakapita nthawi, mwachitsanzo za kunenepa, ndipo zipatala zimasiyana. Ndiye musadzikanize nokha, auzeni adokotala anu zonse kuti akufunsireni msanga, popeza masiku ndi ochepa.

NaJere:
Anzanga, ndabwerako. Papita milungu itatu. MRI yaonetsa kuti bowo layambira pa L4, fupa lachinayi la msana wa m'chiuno. Ubongo watsetserekadi. Madzi a m'mutu akuti zipinda zake ndi mamilimita 11, ndipo adokotala anati zikanapitirira 15 sakanandilimbikitsa kwambiri, chifukwa ana otero ambiri amafunikabe shunt ngakhale atachitidwa opaleshoni m'mimba. Ma chromosome ali bwino. Mapazi onse akugwedezeka, ndinawaona ndi maso anga. Akuti ndikuyenera.

Ndinafunsa mafunso onse aja anatchula anamwino, ndinachita kuwalemba papepala. Anayankha onse osabisa, ngakhale la mwana amene anawatayikira. Amuna anga poyamba ankangoti tichite. Ndinawapatsa foni kuti awerenge zimene analemba amayi a Chimwemwe ndi a Yamikani. Atamaliza anakhala chete, kenako anati thupi ndi langa, chimene ndinene iwo ali pambuyo panga, ndipo ndikakana sadzandikumbutsa tsiku lililonse la moyo wathu. Ndinafunika kumva zimenezo ndisanasankhe.

Ndavomera. Chimene chandikoka ndi shunt, osati miyendo. Ndikuopa kwambiri, makamaka za kubadwa msanga ndi za chiberekero changa. Mayi anga abwera kudzakhala nafe miyezi yonseyi. Ndi Lachitatu likubwerali, ndidzakhala ndi milungu 24 ndi masiku asanu.

Make Chimwemwe:
Achemwali, ndili nanu. Tengani zovala zomasuka zosakhudza pamimba, kapilo kogwirira pabala mukamatsokomola, ndi mafuta opaka pamilomo chifukwa magnesium uja amaumitsa kukamwa. Akakuuzani kuti gonani, gonani ndithu, mbale zidzatsukidwa ndi ena. Ndipo mukaona madzi akudontha ngakhale pang'ono, kapena mimba ikulimba mobwereza, musadikire kucha.

Agogo a Pemphero:
Mulungu akutsogolereni mwana wanga. Ndipo anamwino, ndinakawauza apongozi anga aja. Tinalira tonse awiri.

Bambo a Mphatso:
Zabwino zonse mlongo wanga.

Yamikani:
Tikudikira uthenga amayi.

NaJere:
Moni nonse, ndine mwamuna wa NaJere, andipatsa foni kuti ndikudziwitseni. Opaleshoni inachitika dzulo m'mawa. Adzuka, akumva ululu ndi kutentha kuja munanena, koma akulankhula. Mtima wa mwana ukugunda bwino, tamva pa makina kanayi lero. Madokotala akuti bala la kumsana latsekeka lonse ndi khungu lake lomwe. Tsopano akuti ntchito ndi yoti akhale m'mimba mpaka milungu 37 ngati kungatheke, ndipo tiziwerenga sabata imodzi imodzi.

Ndili ndi pempho kwa amayi a Tadala, amayi a Chimwemwe ndi a Yamikani. Dokotala wa chikhodzodzo watiuza kuti tikonzekere katheta kuyambira mwana akangobadwa. Akazi anga adzakhala ndi bala lachiwiri nthawi imeneyo, ndiye ndikufuna ndiyambe ndine kuphunzira. Kodi kwa khanda mumayamba bwanji, ndipo usiku mumadzuka kangati?

Make Tadala:
Tathokoza Mulungu. Apatseni moni, muwauze asayankhe mauthenga, apume. Za katheta musaope achimwene, anamwino a ku nazale adzakugwirani dzanja mpaka muzolowere, ndipo ndi iwo adzakuuzeni maola ake malinga ndi chikhodzodzo cha mwanayo. Ine manja ankanjenjemera sabata yoyamba yokha. Muyambiretu kuwauza kuti magolovesi ndi zipangizo zonse zikhale zopanda latex, labala uja amapangira magolovesi ambiri, ana athuwa matupi awo amadana nayo msanga. Madzulo ano Tadala akagona ndikulemberani zonse mmene timachitira kuyambira kusamba m'manja.